Moto Wozizira wa a Lourenco

Ku Katuli mukafunsa za a Lourenco, aliyense akuuzani chinthu chimodzimodzi: bambo amene uja sakhulupirira munthu. Mukawapatsa moni kawiri tsiku limodzi, amayamba kudzifunsa kuti mukufuna chiyani. Akagula mchere pagolosale amayamba anyambita kaye, ngati kuti wogulitsayo angawapimire mchenga. Kutchalitchi amakhala benchi ya kumbuyo pafupi ndi khomo, ndipo musaganize kuti ndi kudzichepetsa ayi, amafuna aziona amene akulowa. Kupatula zimenezo ndi munthu wabwinobwino. Amalima chimanga ndi nandolo, tsiku la msika amakonza njinga pansi pa mtengo wa mango, mowa salawa, ndipo akazi awo a Matilda sanapiteko kwa ankhoswe ndi dandaulo.

Koma panali kachizolowezi kena kamene anthu sankakamvetsa. Chaka chilichonse mwezi wa Meyi, udzu ukangoyamba kufiira kunsonga, a Lourenco ankatenga chikwanje ndi machesi n'kukwera phiri la m'nkhalango ya boma okhaokha. Dzuwa likapendeka kautsi koyera kankaoneka kumtundako, malo amodzimodzi. Akabwerako zovala zikununkha utsi, a Matilda akafunsa, yankho linali loti amakaona mitengo yopangira mipini. Mipini yakeyo sinkafika pakhomo.

Chifukwa chake ndi ichi, ndipo kwa zaka zoposa makumi atatu ankachidziwa ndi iwo okha. Mu 1987, nkhondo ya ku Mozambiki itafika m'mudzi mwawo, a Lourenco ali ndi zaka khumi ndi zinayi anathawa ndi amayi awo a Isaura komanso atsibweni awo. Anayenda masiku asanu m'tchire. Amayiwo ananyamuka akutsokomola kale, moti malire anawoloka atachita kuberekedwa. Anamwalira paphiri limenelo, mbali ya kuno ku Malawi, utsi wa m'midzi ya ku Katuli ukuoneka pansipo. Khasu panalibe. Anakumba ndi chikwanje ndi manja patsinde pa muwanga waukulu, n'kuyala miyala pamwamba kuti afisi asafukule. Katundu yense wa mayiyo anali nsalu imodzi ndi supuni yachitsulo yoboola kuchogwirira, imene ankaimangirira m'chiuno ndi kachingwe. Nsaluyo anawakulungamo. Supuniyo atsibweni anaikhomera ndi mwala mumng'alu wa mtengowo kuti tsiku lina asadzasokoneze malo.

"Usadzauze munthu," anatero atsibweniwo. "Ino ndi nkhalango ya boma, ndipo boma lake si lathu. Akadzadziwa kuti taikamo munthu adzatibweza komwe tachoka, amayi akowa n'kuwafukula."

Nkhondo itatha atsibweni anabwerera kwawo ndipo anakafera komweko. A Lourenco anatsala. Anthu ankati atsalira Matilda, a Matilda nawonso ankaganiza choncho. Patapita zaka inafika nthawi yolembetsa zitupa za unzika, ndipo atafunsidwa komwe anabadwira anatchula mudzi womwe uno. Palibe anatsutsa. Koma kuyambira tsiku limenelo mantha anakhala awiri: akaulula za manda, ndiye kuti aululanso kuti pa chitupa ananama. Anangotseka pakamwa kwa aliyense, ngakhale kwa mkazi amene anawaberekera ana anayi.

Miyala ija inamira m'nthaka, masamba n'kuikwirira. Khungwa linameza supuni mpaka kunangotsala kansonga kokha. Chimene chinatsala choloza pamene pagona amayi awo chinali muwangawo basi, ndipo moyo wonse wa a Lourenco unali woti mtengo umenewo usagwe.

Mdani wa mtengo kuno timamudziwa tonse, ndi moto wa mu Okutobala. Amauyatsa ndani, zimenezo musafunse. Osaka nyama amaloza owotcha makala, owotcha makala amaloza ofula njuchi, ofula njuchi amati ndi anthu a kutsidya. Udzu nthawi imeneyo umakhala utauma gwaa, tsekera wotalika kuposa munthu, ndiye moto ukagwira umakwera mpaka kunsonga za mitengo, kulira kwake ngati lole ikukwera chitunda. Umadya mphukira, umadya ming'oma ya njuchi, mitengo ikuluikulu umaisiya ndi zilonda patsinde.

Njira yothana nawo a Lourenco anaiona kwa bambo awo ali mwana. Ukatentha udzu msanga usanaumitsitse, moto wa mu Okutobala umafika n'kupeza chakudya chake chatha kale. Akafika paphiri ankathyola phesi la tsekera n'kuliluma. Likakhala lamadzi kwambiri ankabwerera, kukadikira sabata ina. Likatsala ndi kamadzi pang'ono kongonyowetsa lilime, nthawi yakwana. Ankapalira kuzungulira tsinde la muwanga, n'kulowetsa dzanja mumphako ya m'munsi mwake kuchotsa masamba onse amene mphepo yaunjikamo. Kenako ankakhala pansi kudikira kuti dzuwa lipendeke, mphepo igone. Ankayatsira kumtunda kuti moto utsike phiri chokwawa, iwo akuutsatira pambali ndi nthambi yaiwisi ya msuku. Moto wake sunkafika m'mawondo, ndipo chinyezi cha madzulo chikayamba unkazima wokha. Iwo ankautcha moto wozizira. Zaka zitachuluka, malo ozungulira muwanga uja anamera misuku ndi miombo yothithikana, pamene phiri lonse linkanka liyera ngati mutu wa munthu wodwala chipere.

Zinthu zinasintha chaka chimene m'mudzi munakhazikitsidwa komiti yoyang'anira nkhalango. Wapampando anasankhidwa mayi Ajira, mayi wa kumzikiti amene amasambitsa maliro a amayi anzake, mlimi wa njuchi, wolankhula mosapsatira. Anali ndi ming'oma khumi ndi iwiri m'nkhalangomo ndipo moto unali utawapweteka kangapo. Lamulo loyamba la komiti linali lachidule: machesi asalowe m'nkhalango, kaya ndi mwezi wanji.

Tsiku lina la msika, kumayambiriro kwa Meyi, mayi Ajira anafika pansi pa mango paja akukankha njinga.

"Ajimwiche uli, Che Lourenco?" anawadzutsa m'Chiyao. "Njinga yangayi ikulira penapake, tandionerani."

A Lourenco anazunguza gudumu lakutsogolo, anazunguza lakumbuyo, anagwedeza tcheni. Njingayo inalibe vuto lililonse.

"Kuphiri kuja mumakatani mwezi uno chaka ndi chaka?" anafunsa mayi Ajira, maso ali panjinga.

"Bowa."

"Bowa mu Meyi?"

"N'chifukwa chake ndimabwerako chimanjamanja."

Mayi Ajira sanaseke. Anatenga njinga yawo n'kumapita, ndipo sabata isanathe mphekesera zinali zitadzaza pamjigo. Ena ankati bamboyo ali ndi munda wa chamba kumtundako. Ena ankati amakakhwimira nandolo wake. Koma imene inagwira kwambiri inali yoti anakwirira mfuti ya nthawi ya nkhondo, ndipo amakaipaka mafuta chaka chilichonse. Amuna awiri a m'komiti anayamba kukhala pamwala pamene pamayambira njira ya kuphiri, akusewera bawo kuyambira m'mawa mpaka madzulo. Bawo wanji wosewerera kutchire? A Lourenco anawaona, anabwerera kunyumba ndi machesi awo m'thumba. Meyi anatha, Juni anatha, mwera unaumitsa udzu wonse. Chaka chimenecho kunalibe kautsi koyera.

Moto unabwera pakati pa mwezi wa Okutobala, masana dzuwa lili paliwombo, ndipo unayaka masiku awiri. Mayi Ajira anataya ming'oma isanu ndi iwiri. Ndiye taonani mmene anthu alili: a Lourenco tsiku limenelo anali pamsika, sipanala m'manja, anthu mazana akuwaona, komabe pamjigo dzina lotchulidwa linali lawo. Ankati abwezera chifukwa chowaletsa.

Patapita masiku atatu anazembera kudzera njira ya kudambo. Misuku ndi miombo ija inali itangowauka masamba, poti pansi pake udzu unali wochepa. Koma masamba a chaka chonse anali ataunjikana mumphako ya muwanga, moto unalowa mmenemo n'kukwera m'kati mwa thunthu. Anapeza utsi ukutulukabe pamwamba. Anathira dothi ndi manja mpaka zikhatho zinachita matuza, akulira ngati mwana, chinthu chimene sanachite ngakhale tsiku loika maliro lija. Mvula itagwa, nthambi imodzi yokha ya kummawa inaphuka. Iwo anadziuza kuti mtengo uchira.

Chaka chotsatira mu Epulo kunabwera mlangizi watsopano wa zankhalango, bambo Oscar, munthu wamfupi wa njinga yamoto ndi chipewa chansalu. Anayenda m'nkhalango masiku atatu ndi mayi Ajira, kenako anaitanitsa msonkhano pabwalo la sukulu. Zimene ananena zinadabwitsa anthu. Anati kuletsa moto wonse ndi kumene kunakulitsa moto wa chaka chatha. Anati chaka chino mudzi ulambule misewu yotchinga moto, uchotse mitengo youma ndi zinyatsi zimene zimaupatsa mphamvu, nkhuni zake mabanja agawane, kenako udzu utenthedwe msanga, chigawo ndi chigawo, Juni asanathe.

"Koma kutentha kumeneku kumafuna munthu wodziwa," anatero bambo Oscar. "Kumtunda kuja ndaona malo ena amene mitengo yake ndi yosiyana ndi phiri lonse. Pali munthu wakhala akutenthapo msanga kwa zaka zambiri, ndipo ntchito yake ndi yaukatswiri. Ndani ameneyo? Ndikufuna atiphunzitse."

Mitu yonse inatembenukira kumbuyo, kumene a Lourenco anakhala pafupi ndi njira.

Munthu wina akanaimirira n'kulandira ulemu wake. Koma a Lourenco anaona msampha, ndipo kunena zoona unkaonekadi ngati msampha. Chaka chatha chomwechi moto unali mlandu, lero wasanduka ukatswiri? Munthu wa boma, ali ndi kope m'manja, akufunsa dzina pagulu, mayi Ajira ali pambali pake? Ukangovomera, funso lachiwiri likhala loti bwanji malo amenewo okha. Lachitatu likhala la chitupa.

"Ine bwana moto ndimaudziwa wa pambaula," anatero. "Kuphiri sindipitako, msana umandivuta."

Pabwalo panamveka kung'ung'udza. Bambo Oscar anangogwedeza mutu n'kulemba kenakake m'kope muja, ndipo a Lourenco anatsimikiza kuti chalembedwacho ndi dzina lawo.

"Bambo a Mercy, mwanamiranji pamaso pa anthu onse aja?" anafunsa a Matilda pobwerera. "Ine zovala za utsi ndachapa zaka zingati?"

"Inu amake Mercy boma simulidziwa."

"Boma sindilidziwadi. Koma ndayamba kuona ngati inunso sindikudziwani."

Ntchito inayamba sabata yachiwiri ya Meyi, khomo lililonse munthu mmodzi. Poti a Lourenco anali atalengeza okha za msana, amene ankapita anali a Matilda. Iwo ankatsala pakhonde akumva nkhwangwa zikulira kuphiri, khutu lili tcheru kuyeza ngati zikuyandikira kumtunda. Madzulo ankafunsa mozungulira.

"Lero munalambula mbali iti?"

"Kumtunda."

"Kumtunda kwake kuti?"

"Kumtunda basi. Mukufuna kudziwa bwanji osapita nokha?"

Ankalekera pomwepo. Kufunsitsa kukanaonetsa kuti pali malo amene akuwadera nkhawa, ndipo ngakhale a Matilda, ankaganiza choncho, akhoza kutayika pakamwa pamjigo. Anadzilimbitsa mtima kuti muwanga uli ndi nthambi yamoyo, munthu wanzeru sangautche wouma.

Lachisanu linali tsiku la msika. Anaweruka mochedwerapo, anapeza a Matilda abwera kale ndi gawo lawo la nkhuni ndipo aziika m'khitchini, mmene bamboyo salowamo. Ndiwo zinali nandolo wouma, wapsa bwino mpaka kuphwanyika. A Lourenco anadya, anawonjezera, anayamikira.

"Ndi nkhuni zake," anatero a Matilda. "Chikuni chimodzi chokha chaphika nandolo yense."

M'mawa mwake akunola chikwanje pakhonde, a Matilda anatuluka m'khitchini ndi chiwaya cha phulusa, kanthu kakuda kali m'dzanja linalo.

"Taonani zodabwitsa. Chikuni cha dzulo chija chinali ndi supuni m'mimba."

Inali yopindika, yakuda bii, koma kabowo ka kuchogwirira kanali pompo. A Lourenco anaitenga. Inali idakali yofunda. Anangoimirira n'kuyamba kuyenda, opanda nsapato, kulunjika njira ya kuphiri imene aliyense amaiona. A Matilda anaitana kawiri, kenako anatula chiwaya n'kuwatsatira.

Msewu wotchinga moto unali wotakata bwino, wolambulidwa mpaka dothi, wowongoka kuchokera kumunsi. Unalowa pakati pa misuku ndi miombo ija. Pamene panali muwanga panali kuwala kwa dzuwa, chitsa chakuda m'kati, ndi zipalapala za nkhwangwa zili mbwee. Nthambi ya kummawa ija inali pansi, masamba ake atafota. Koma pafupi ndi chitsacho msewu unakhota, unazungulira malo otalika ngati mphasa, n'kukawongokanso kutsogolo. Pamalopo masamba anali atasesedwa ndipo miyala inali poyera.

Mayi Ajira anali pomwepo, atakhala pachipika. Anabwera m'mawa kudzaona ming'oma yawo yotsala. Ataona a Lourenco ndi supuni m'manja, anakonza mpango wawo kumutu.

"Mtengowu tinagwetsa Lachinayi," anatero. "Bambo Oscar anati wapsa m'kati, moto ukadzabweranso udzakhala ngati chumuni, udzaponya makala kudumpha msewu. Dzulo polambula, akazi anu atatsika kale ndi nkhuni, khasu linagunda miyala. Anthu anati ndi pamene pali mfuti ija, tikumbe. Woyamba kunena zimenezo ndinali ine, sindikubisirani. Koma titasesa masamba ndinaona mmene miyala yayalidwira, kutalika kwake ndi kupingasa kwake. Ine ndaperekeza anthu ambiri, Che Lourenco. Ndinawauza kuti makasu abwerere m'mbuyo."

A Lourenco anayang'ana uku ndi uku, ngati kuti apolisi abisala m'misukumo.

"Bwana uja mwamuuza?"

"Anali pompano. Anavula chipewa. Anati manda akale amawapeza m'nkhalango zambiri ndipo iye sanafukulepo munthu. Anati akanadziwa, mtengo akanausiya, msewu akanaudutsitsa kwina. Tsiku la msonkhano lija ankafuna zimenezo, kuti mwini malo ano ayende nafe."

"Nanga za chitupa changa?"

"Chitupa chanu chatani?"

"Ndinalembetsa kuti ndinabadwira kuno."

Mayi Ajira anawayang'ana nthawi yaitali, ndipo ukali wonse unachoka pankhope pawo, panatsala chisoni.

"Ndani m'mudzi muno sadziwa kuti munabwera ndi nkhondo? Ine ndinali mtsikana, ndinakuonani mukufika miyendo itatupa. Phala loyamba anakupatsani ndi amayi anga. Tsiku lolembetsa tonse tinali pamzere womwewo, tinamva zimene munayankha, ndipo panalibe anatsegula pakamwa. Agogo anga omwe anabadwira kutsidya. Chimene sitinkadziwa ndi ichi chokha." Analoza miyala ija ndi chibwano. "Ndani wagona apa?"

Dzinalo linali lisanatuluke pakamwa pawo kuyambira ali ndi zaka khumi ndi zinayi, moti poyamba linakana.

"Isaura. Amayi anga."

Kumbuyo kwawo a Matilda anapuma mokoka. A Lourenco sanayerekeze kutembenuka. Manyazi anawagwira kuposa mantha onse a zaka zija, chifukwa anazindikira kuti mtengo umene anauteteza kwa osaka nyama, kwa owotcha makala ndi kwa moto wa zaka makumi atatu, waugwetsa ndi pakamwa pawo potseka.

"Udzu ukuuma," anatero mayi Ajira motsitsa mawu, akuimirira. "Lolemba tikufuna kuyamba kutentha, ndipo palibe akudziwa poyambira. Koma zimenezo tidzakamba tsiku lina." Anatsika ndi msewu uja osacheuka.

A Matilda anawadutsa amuna awo osawayang'ana. Anavula masilipasi, anakonza chitenje, n'kugwada m'mbali mwa miyala monga amagwadira mkazi wofika koyamba pakhomo pa apongozi. Anaomba m'manja pang'onopang'ono.

"Amayi, ndine Matilda, mpongozi wanu. Ndakhala pansi pa phiri pomwepa zaka zonsezi, koma ana anuwa sanandiuze. Ndikanabwera kale. Pepani amayi, dzulo ndinaphikira nandolo mthunzi wanu." Anapukuta m'maso ndi nsonga ya chitenje, n'kupitiriza. "Muli ndi adzukulu anayi. Woyamba ndi Mercy, anakwatiwa ku boma ku Mangochi, ali ndi ana awiri."

Anawatchula onse mmodzimmodzi, ndi kumene aliyense ali. A Lourenco anangoima padzuwa pambali pa chitsa, supuni ili m'manja, akusowa poikhomera.